Makompyuta m'balani la fodya

Amuna anga ndi munthu wabwino, koma mutu wawo ndi wouma ngati chitsa cha muwanga. Ndikunena izi ali moyo, ndipo ndimawauza pamaso. Kuuma mutu kumeneko kunatsala pang'ono kuwaphetsa pakhomo pa makolo anga, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ofuna kuwaphawo anali abale anga enieni.

Kwathu ndi mudzi wina kuseri kwa Mitundu, njira yolowera ku Dzalanyama. Iwo kwawo ndi kummwera, kumene amalima tiyi, ndipo kwathu anabwera monga mkamwini. Tisanakwatirane ankagwira ntchito m'tauni, pa kampani ina yoika zida pa nsanja za mafoni. Kampaniyo itatha anatsegula kashopu kokonza mafoni ndi makompyuta pa Nathenje, m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo kumudzi ankabwera Loweruka pa njinga yamoto.

Ku kampani kuja anatengako khalidwe limodzi limene silinawachoke. Ankalitcha kuwotcha makina. Chida chatsopano kapena chongokonzedwa kumene sichipita kwa mwini wake tsiku lomwelo, ayi. Amachiyatsa m'chipinda chotentha, n'kuchipatsa ntchito yolemetsa, chiziyenda usana ndi usiku osapuma kwa masiku angapo. Akuti chida chofooka chimafa chikadali chatsopano, ndiye ndi bwino chifere m'manja mwa wokonza kusiyana n'kukafera pamwamba pa nsanja kapena pamaso pa ana m'kalasi. Chimene chapirira pamenepo chimakhala zaka. Lamulo lake, limene akuti makampani a zida zotere amatsata kulikonse, ndi lakuti kutentha kusatsike ndipo magetsi asaduke. Zikaduka pakati, basi, wayambiranso poyamba. Nditamva koyamba ndinaseka, ndinati ndiye ndi chikuta chimenecho, mwana osatuluka panja mpaka mchombo utagwa. Iwo sanaseke. Anati ndi momwemo.

Makasitomala a pa Nathenje ankadandaula tsiku ndi tsiku. Munthu wabweretsa kompyuta m'mawa, yakonzedwa masana, akuiona ndi maso ake ikuyaka, koma akuuzidwa kuti abwere mkucha. Ena ankatukwana, ena ankati akuwabera zida zam'kati. Amuna anga ankangomwetulira n'kupitiriza kumata timawaya tawo, kachitsulo kotentha kali pakati pa chala chachikulu ndi mkombaphala. Zala ziwiri zimenezo ndi zimene zinkatidyetsa, ndipo ndinkakonda kuziyang'ana zikugwira ntchito.

Chaka chimene ndikunenachi, sukulu ina ya sekondale inalandira makompyuta akaunjika kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino, pamodzi ndi timabokosi tolumikizira netiweki. Aphunzitsi anawapatsa amuna anga kuti akonze zonse. Anakonza. Koma inali nyengo yachisanu, kashopu kaja kozizira ngati mtsuko, ndipo magetsi a pa Nathenje ankangothimathima. Akayamba kuwotcha, magetsi phethi! Ayambirenso, phethi! Loweruka lina anafika kumudzi nkhope ili gwa, anakhala pakhonde, kenako ndinaona maso awo atakhazikika pa balani la malemu bambo anga.

Bambo anga ankalima fodya wowotcha. Anasiya balani lanjerwa, lalitali, lopanda mazenera kupatula kabowo kamodzi kosuzumirapo, ng'anjo ili kunja ndipo mipaipi yonyamula kutentha ili m'kati. Ngakhale choyezera kutentha chawo chinali chikadalendewera pa msomali. Amuna anga anasesamo, anakhoma mashelefu, anatuta makompyuta onse pa matola, anabwereka jenereta ndi mabatire agalimoto, ndipo pachitseko anaikapo loko.

Loko ameneyo ine sanandisangalatse. Miyezi imeneyo mphekesera za anamapopa zinali zitafikanso kwathu. Ankati kwinakwake agwira anthu achilendo okhala ndi makina opopa magazi a anthu ali mtulo. Palibe anawaonapo, koma aliyense anali ndi msuweni wake amene anawaona.

"Bambo," ndinatero, "muno si m'tauni. Mwaikiranji loko?"

"Mayi, ana akalowamo agwira mawaya. Ndiponso chitseko chikatseguka kutentha kuthawa."

"Ndiye itanani anthu aone kaye musanatseke."

"Aone chiyani? Ndikamaliza aliyense adzaona."

Asa! Ndinawauza kuti mkamwini asamakule mwendo, kuti pamudzi pa eni chilichonse chotsekedwa chimakhala ndi nkhani. Anandigwira paphewa n'kunena kuti ndimachita mantha ngati nkhuku. Anakoleza moto m'ng'anjo, analiza jenereta, ndipo ntchito inayamba.

Taganizani zimene anthu ankaona. Fodya anali atapita kale ku okushoni, koma balani likufuka utsi. Jenereta ikungolira osalekeza. Mawaya ofiira ndi akuda akulowa pansi pa chitseko. Mafuta ankasowa nthawi imeneyo, ndiye amuna anga ankagula petulo wa m'zigubu kwa mavenda, ndipo pothira ankayamwa kapaipi ndi pakamwa kuti ayambe kutsika. Petuloyo anali wofiirira. Amayi opita kumjigo ankachedwetsa mapazi, kenako ankafulumira.

Achimwene anga, amene ndinabadwa nawo bere limodzi, anabwera okha kudzafunsa. Sanabwere ndi ndewu. Anati, "Alamu, anthu akuyankhula. Tatsegulani ndione, ndikawatseke pakamwa." Amuna anga anawafotokozera za kutentha, za zida zofooka, za lamulo la makampani, zonse mwaulemu, kenako anati, "Suzumirani pa kabowoka." Achimwene anaika diso. M'katimo munali mdima, munkangooneka tinyali tofiira ndi tobiriwira tikuphethira, ndi phokoso lopuma ngati muli chamoyo. Anachotsa diso, anapukuta thukuta pachipumi, ndipo anapita osatsanzika.

Achimwenewo anali ndi kamtsikana koyamba kumene sukulu. Kankandikonda, kankabwera kudzandipempha kuti ndikaluke tsitsi. Sabata yomweyo kanadwala malungo. Anakapatsa mapanado a pa okala, kanakhala ngati kachira, kenako kanagwanso, manja ndi m'maso muli mbee. Atakathamangira nako kuchipatala, anawauza kuti magazi athamo m'thupi. Malungo amatero, aliyense amene analerapo mwana akudziwa. Koma mawu amene anafika kumudzi anali awiri okha: magazi atha. Mwanayo anamwalira m'bandakucha, ndipo m'mawa anabwera naye pa ngolo.

Ndinalira mpaka mawu anandithera. Ndinali m'nyumba ya maliro ndi amayi anzanga, mutu wa mwana uli pafupi ndi bondo langa. Amuna anga anabwera, anapepesa, anakhala pansi pa mtengo ndi abambo anzawo monga mwa mwambo. Anthu anawasiyira malo aakulu kuposa amene munthu mmodzi amafuna. Dzuwa litakwera anayang'ana cha kubalani, anaona utsi ukuchepa, anadzuka mwakachetechete n'kupita kukasonkhezera moto.

Mkamwini kuchoka pamaliro a mwana wa mlamu wake, mtembo usanatuluke, kukaponya nkhuni m'ng'anjo! Ngakhale panalibe za anamapopa, imeneyo inali nkhani. Utsi wakuda unakwera, jenereta ikumveka pakati pa nyimbo zathu, ndipo adzukulu, anyamata okumba manda aja, anali akubwerera kumene kuchokera kumanda ndi makasu, mapiki ndi mafosholo paphewa.

Ndinamva nyimbo ya abambo panja italekera pakati. Kenako mapazi. Mayi wina amene anali pakhomo anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo ndinadziwa. Ndinadumpha miyendo ya anthu, nsalu ikundikola, n'kuthamanga.

Nditafika anali atawazungulira kale. Amuna anga anaima atatsamira chitseko cha balani, chikuni chikadali m'manja, ndipo achimwene ali patsogolo pa gulu, maso ofiira.

"Tsegula!"

"Alamu, ndapota nanu, mawa m'mawa ndikhala nditamaliza. Ndikatsegula pano ntchito yonse yawonongeka."

Ndinafuula kuti, "Bambo, tsegulani! Tsegulani, inu!" Ndikhulupirira anandimva, chifukwa anaponya chikuni pansi n'kupisa dzanja m'thumba kuti atenge kiyi. Koma mawu aja anali atatuluka kale. Munthu wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mwamva? Akuti sanamalize!" Njerwa inauluka pamwamba pa mitu n'kuwamenya pakamwa. Kiyi anagwera m'fumbi, ndipo sanaonekenso.

Zimene zinatsatira ndinaziona pakati pa miyendo ya anthu. Anawakokera pabwalo atawagwira pa kolala. Mpini wa khasu unatera pamsana, fosholo inatera m'nthiti ndi phokoso longa la kuomba mphasa. Anthu amene ndinakula nawo, amene amuna anga anawakonzerapo mafoni ulere, ankapondana kuti aliyense afikepo. Mkulu wina wa mpingo wathu ankawaponda kumutu ndi nsapato zake za ku tchalitchi. Amayi ena amene tinali nawo m'nyumba ya maliro anali atafika, akuimba nthungululu ndi kutola miyala. Ndinadzikankhira m'kati, ndinaluma mkono wa munthu, wina anandimenya chigongono pamphuno n'kundigwetsera kunja. Ndinadzuka, ndinalowanso, anandiponyanso.

Amuna anga sankakuwa. Anadzipinda, ndipo m'malo moteteza mutu anabisa manja awo kukhwapa. Achimwene anaona zimenezo. Anawagwira dzanja lamanja, analikoka, analiponda pamkono kuti litambasuke pa mwala wa pakhomo pa ng'anjo. "Ndi ili limene umapopera?" Anakweza njerwa ndi manja awiri n'kuitsitsa. Anakwezanso n'kuitsitsa. Pamenepo ndi pamene amuna anga anakuwa, kukuwa kumene sindinakumvepo kwa munthu wamkulu, ndipo mpaka lero ndikamva nkhumba ikuphedwa ndimalowa m'nyumba.

Mnyamata wina anabwera akugubuduza tayala lakale la ngolo. Wina ananyamula chigubu cha petulo chija pambali pa jenereta. Anawaveka tayala m'khosi, anawathira petulo kuyambira kumutu, ndipo anthu anayamba kubwerera m'mbuyo kuti asapse nawo. Panatseguka mpata. Wina anathamangira kung'anjo kukasolola chikuni chamoto.

Ndinadziponya pamwamba pawo. Petulo anandinyowetsa bulauzi, anandilowa m'maso. Ndinayang'ana achimwene, ndipo ulemu wonse unandithera.

"Yatsa! Yatsa iwe! Manda mwakumba amodzi, kakumbeni ena awiri. Ukawauze malemu amayi athu kumanda kuti wawotcha mlongo wako pa balani la bambo ako!"

Wachikuni uja anaima. Anthu anayamba kukuwa kuti andichotsepo, ena akuti ndimadziwa, ndimadya nawo. Manja anandigwira miyendo. Ndinadziwa kuti akandikoka kamodzi kokha zatha, ndipo kulira kwanga sikukanawaletsa. Anthu amenewo ankafuna kuphwanya chinachake.

"Mukufuna magazi?" ndinatero. "Ndikuonetsani ndine. Achimwene, gwirani wamotoyo. Mukapeza ngakhale kadontho, ndiyatsa ndekha."

Sindikudziwa chifukwa chake anamvera. Mwina chifukwa ndinabwerera ku ulemu, mwina mikono yawo inali itatopa. Anatambasula dzanja n'kumuletsa wachikuni uja. Ndinadzuka, ndinalanda piki m'manja mwa mdzukulu amene anali pafupi, ndinamenya loko. Sanathyoke. Ndinamenya thabwa lenilenilo mpaka chitseko chinang'ambika n'kugwera m'kati.

Kutentha kunandimenya kumaso ngati ndavundukula uvuni wa masikono. M'katimo munali mwaudongo, kalanga ine, mwaudongo monga mwa chilichonse chimene munthu ameneyu amagwira. Makompyuta ali ndandanda pa mashelefu, mawaya omangidwa bwinobwino m'mitolo, tinyali tikuphethira, choyezera kutentha cha bambo chili pa msomali wake. Ndinaima kamphindi kochepa, ndipo ndinaona zonse. Kenako ndinagwira kompyuta yoyamba, ndinaizula ndi mawaya ake omwe, ndinaitulutsa n'kuiponya pamapazi pa achimwene. Ndinaimenya ndi piki mpaka chitsulo chinatseguka.

"Onani! Magazi ali kuti? Pisani dzanja!"

Munali timawaya, kachokupizira mphepo, ndi fumbi. Mkulu wa mpingo uja anawerama n'kununkhiza. Wina anati mwina ali mu inayo. Ndinalowa, ndinatulutsa ina, ndinaiswa. Ndinatulutsa kabokosi ka netiweki, ndinakaphwanya ndi piki kamodzi kokha. Ndinkalira ndi kutukwana, ndikutchula aliyense mayina a makolo ake. Nditatulutsa yotsatira, mnyamata wina wa fosholo anandilanda n'kuiswa yekha. Basi, gulu lonse linakhamukira m'balani. Anagwetsa mashelefu, anaswa magalasi, anaboola mabatire, anagubuduza jenereta n'kuisinja ndi miyala mpaka inakhala chete. Ntchito imene amuna anga anaigwira mwezi wathunthu inatha nthawi yosakwana kuphika ndiwo, ndipo ine ndinkawakuwiza kuti aswe, aswe zonse, chifukwa aliyense amene ankamenya kompyuta sankamenya mwamuna wanga.

Phokoso litatha, anthu anaima pakati pa zidutswa akupuma mwawefuwefu. Palibe anapeza kanthu. Magazi okha amene analipo anali pa mwala wa ng'anjo ndi m'fumbi, pamene amuna anga anagona tayala lili m'khosi. Ndinawalozera.

"Si awo magazi mumafuna? Mwawatulutsa ndinu."

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena atabisa tizida m'matumba, kubwerera ku maliro. Posakhalitsa nyimbo inayambanso kumene inalekera. Achimwene anatsala, atayang'ana manja awo. Ndinawauza kuti andithandize kuvula tayala. Anandithandiza, koma sanapepese, ndipo mpaka lero sanapepesebe.

Ngolo yomwe inabweretsa mtembo m'mawa ndi imene inanyamula amuna anga kupita ku chipatala cha ku Mitundu, ndipo kumeneko anatitumiza m'tauni. Mwana wa achimwene anaikidwa masana omwewo ine kulibe. Zimenezo zimandipweteka kuposa mphuno imene anandithyola. Kumudzi sitinabwererenso kukakhala. Tili pa Nathenje, m'kanyumba ka lendi kuseri kwa shopu, ndipo munda umene amayi anandisiyira akulima ndi ena. Aphunzitsi a sukulu ija anabwera kudzatizonda, sanatiimbe mlandu, koma ana aja makompyuta sanawaone.

Ku chipatala cha m'tauni amuna anga anakhala osadziwa kanthu kufikira tsiku lotsatira. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti nthiti zipola, mano ena apita, diso lipenya. Koma chala chachikulu ndi mkombaphala zinali zitanyenyeka moti panalibe cholumikiza, ndipo anali atazidula kale. Dzanja lonse analikulunga bandeji mpaka linaoneka ngati chibonga, ndiye munthu sakanadziwa chimene chatsala m'kati. Anati ndiwauze ndine akadzuka, chifukwa ndine ndikuwadziwa mtima.

Ndinakhala pambali pa bedi ndikukonza mawu. Madzulo anatsegula diso limodzi, linalo litatupa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana mphuno yanga, kenako milomo yawo yong'ambika inayamba kugwedera. Ndinawerama kuti ndimve.

"Mayi, munatsegula ndinu?"

"Ndine. Ndipo ndinaswa ndine. Mukafuna kukalipa kalipani."

Kenako anati, "Pamene munalowa, tinyali tinkayaka tonse?"

Ha! Ndinafuna kuwamenya, ndikunena zoona, munthu ali pa bedi la chipatala. Ndinafuna kuwagwedeza mpaka mabandeji atamasuka. Petulo anali akadanunkha m'tsitsi langa, mwana wa achimwene ali m'manda, mudzi wanga nditautaya, ndipo iwo akufunsa za tinyali! Koma ndinali nditaona, ndiye ndinawayankha.

"Tonse tinkayaka."

"Ngakhale ija ya pansi, yakumapeto? Inkandikayikitsa."

"Ngakhale imeneyo."

Anatseka diso, ndipo nkhope yawo yotupa ija inamasuka. "Ndiye zinali zabwino," anatero. "Tipeza zina. Ndikatuluka muno ndikonzanso."

Anayesa kukweza dzanja lamanja kuti andigwire, linawalemera, analibweza pa bulangete. Za dzanjalo sanafunse. Ndinawakonzera pilo, ndinawamwetsa madzi ndi supuni, ndipo tsiku limenelo sindinawauze.